Kodi kuchemerera timu ya sukulu ndi ngongole?

Ku Durham, m'chigawo cha North Carolina ku America, kuli yunivesite ya Duke kumene ophunzira amachita zinthu zoti mukazimva koyamba mumayesa nthabwala. Chaka ndi chaka, m'nyengo yozizira koopsa ya Januwale ndi Febuluwale, anyamata ndi atsikana amene makolo awo adawalipirira zipinda zabwinobwino amatuluka m'zipindamo n'kukakhoma matenti pa udzu, kunja kwa nyumba yosewereramo basketball. Amagona pomwepo masabata angapo. Chimene akudikira si chimanga cha ku Admarc ayi, koma malo oti adzaimepo tsiku limene timu yawo idzakumane ndi ya yunivesite ya North Carolina, masewero osatha ndi maola atatu omwe. Mwambowu udayamba mu 1986, ndipo mudzi wa matentiwo adautcha Krzyzewskiville potengera Mike Krzyzewski, amene adaphunzitsa timuyo kuyambira 1980 mpaka 2022. Dzinalo musalimbane nalo, mungalume lilime.

Koma si ku America konse kumene zili choncho. Makoleji ambiri kumeneko akulira ndi mipando yopanda anthu. Nyumba ilipo, timu ilipo, pakhomo ophunzira amalowa ulere kapena pa mtengo wozizira, koma eni sukulu ali phee m'zipinda, maso ali pa foni. Akuluakulu amafika powanyengerera ndi malaya aulere ndi chakudya chaulere kuti mwina abwere adzakuweko pang'ono. Zikakanika amayamba kudandaula kuti ana a masiku ano alibe mtima wokonda sukulu yawo. Ndiye funso limabadwira pamenepo. Kodi mwana amene sadapite kukachemerera anzake walakwa? Ngati walakwa, walakwira yani? Kapena kuonerera masewero kuli ngati kugula mandasi, ukafuna ugula, ukapanda kufuna ungodutsa?

Funsoli ndi lathu lomwe, ndipo kuti tilione bwino tiyeni tichoke m'tauni. Mukatsika mapiri kuchokera ku Blantyre pa msewu wa ku Chikwawa, musanawoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa pali msewu wokhotera kumanzere. Umenewo ndi wa ku East Bank, ndipo umakulowetsani m'dera la Mfumu Makhuwira, dziko lopanikizika pakati pa mapiri a ku Thyolo ndi madambo a Shire. Kumeneko kuli Livunzu, kuli sikimu ya mpunga ya Nkhate, kuli mitsinje imene m'chilimwe mumawoloka osavula nsapato koma m'dzinja imakokolola milatho. Mu Okutobala dzuwa la kumeneko limachita ngati lili ndi mlandu ndi munthu.

Basketball kumidzi ngati kumeneku si nkhani. Masewerowa amalira simenti, matabwa, nsapato ndi mpira wodula, n'chifukwa chake kuno kwathu adakhazikika m'mizinda ndi m'makoleji, ku Zomba, ku Blantyre, ku Mzuzu, ndi ku Lilongwe kumene timu ya Bravehearts idatchukira mpaka kumakapikisana kunja. Koma mwana wake wa basketball ali pafupifupi pa sukulu iliyonse, ndipo ndi ntchemberembaye. Basketball adaiyambitsa ndi James Naismith mu Disembala 1891 ku Springfield, pofuna kupezera ophunzira ake chochita m'nyumba nthawi ya chisanu. Posakhalitsa masewerowa adawoloka nyanja kufika ku England, kumene aphunzitsi a atsikana adawasintha apa ndi apo mpaka kubadwa mpira wa manja, umene malamulo ake oyamba adasindikizidwa mu 1901. Lero mitengo iwiri, waya wopinda, mizere ya phulusa, basi bwalo latheka.

Pali kanthu kena m'mbiri imeneyi kamene kamandisangalatsa. Naismith adakhomera madengu ake awiri m'munsi mwa khonde la m'mwamba, ndipo anthu oonerera amene ankakhala pakhondepo adayamba kutambasula manja, kumakankhira mpira wa timu yawo m'dengu ndi kumaphula wa alendo. Thabwa lija mumaliona kuseri kwa golo wa basketball lidaikidwa pofuna kutchinga manja a masapota. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi penipeni woonerera sadakhalepo munthu wongoyang'ana. Umboni wina tidauona mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka zipata za mabwalo a ku Ulaya. Mpira udaseweredwa popanda anthu, ndipo amene amawerengera zotsatira adapeza kuti matimu a pakhomo sankapambananso monga kale, ngakhale oyimbira adachepetsa kukondera eni bwalo. Phokoso lija timaliyesa lopanda pake limagwira ntchito.

Chabwino, woonerera ndi wofunika. Koma kufunika kwa munthu sikutanthauza kuti ali ndi ngongole. Dokotala ndi wofunika, koma palibe mwana amene timamuimba mlandu chifukwa sadaphunzire udokotala.

Ndipo ife Amalawi tili ndi chifukwa chokwanira chokayikira aliyense wotiuza kuti "bwerani nonse". Amene adakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira m'mene mabwalo ankadzazira. Kamuzu akamabwera sukulu zinkatsekedwa, ana kundandalika m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, misika kutsekedwa, ayufi kuyendera makomo kuona amene watsala. Kuwomba m'manja kunalipo kwambiri, koma zimene zinali m'mitima tidazidziwa pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu. Matipate atabwera chikwapu chidachoka, m'malo mwake mudalowa lole, nsalu ndi kandalama ka m'manja, mpaka Nyumba ya Malamulo idachita kukhazikitsa lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa zinthu pokopa anthu. Khamu lokakamizidwa talionapo, khamu logulidwa talionanso. Onse awiriwa amabalalika mofanana, msanga ndiponso osacheuka.

Pa sukulu zimenezi zimabwera zitavala yunifolomu. Ahedi alengeza pa asembule kuti Lachisanu aliyense akapezeke ku bwalo, mapulifekiti alemba maina, ndipo amene wathawa Lolemba akumana ndi chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Bwalo lidzaza ndithu. Koma mwana amene waima pamzere poopa khasu sakuchemerera mnzake, akungodikira kuti dzina lake lichongedwe. Malaya aulere a ku America aja ndi chibalo chathuchi n'zapachibale: onse awiri akufuna chithunzi cha chikondi, poti chikondi chenichenicho sichilamulika.

Tsono poti kukakamiza n'koipa, ambiri amathamangira mbali inayo. "Ndi ufulu wanga," amatero mwana wa masiku ano, ndipo mawuwa tidawavutikira, sindingawanyoze. Koma ufulu umangotiuza kuti palibe woyenera kukumanga kapena kukukwapula ukapanda kupita. Sutiuza ngati wachita bwino. Munthu ali ndi ufulu wonse wosapatsa moni apongozi ake.

Makolo athu adali ndi mtundu wina wa ngongole umene sulembedwa m'buku ndipo sufuna wapolisi. Adati maliro n'kulirana. Sindikuti mpira ndi maliro, musandimve molakwa, koma taonani m'mene ngongoleyo imayendera. Palibe tikiti, palibe malipiro. Umapita chifukwa chakuti kupezeka kwako ndiko mphatso, ndipo ukudziwa kuti tsiku lina nawe udzafuna nkhope za anthu pakhomo pako. Ku gule n'chimodzimodzi. Kaya ndi utse wa amayi a ku chigwa cha Shire, kaya ndi ulimba usiku wa ukwati, bwalo silipangidwa ndi ovina okha. Limapangidwa ndi aja azungulira, owomba m'manja, ovomera nyimbo, olulutira. Muwachotse amenewo, mutsala ndi munthu mmodzi akudzigwedeza yekha pa fumbi, ndipo wotereyo timamuitanira achibale.

Taganizani za mtsikana wa Fomu 2 pa sukulu yoyendera kwa Makhuwira. M'kalasi ndi mmodzi mwa khamu, mwina aphunzitsi a masamu dzina lake salidziwa n'komwe. Kunyumba ndi wotunga madzi ndi wolera ana. Koma pa bwalo la phulusa lija, mpira ukafika m'manja mwake pansi pa golo, palibe womposa m'dera lonselo. Wakhala akuyeserera masana dzuwa lili pamutu, wopanda nsapato, mimba ili pululu. Ola limodzi lokha pa mwezi ndi limene dziko lingamuone ali pa chimene amachitha. Ngati ola limenelo lifika, iye n'kuponya mpira n'kulowa, pomuzungulira pali mbuzi ziwiri ndi mphunzitsi woyimbira, kodi sitinamulande kanthu? Chigolicho chilembedwa ndithu. Koma luso lopanda mboni limafota, ndipo mwana amaphunzirapo kuti ngakhale atachita bwino chotani, palibe amene zikumukhudza.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi aja amalalikira za kukonda sukulu. Iwo amati mwana akonde baji, akonde yunifolomu, akonde mawu aja amalembedwa pa chikwangwani cha pa msewu. Ine ndikuti ngongole ilipo, koma mwini wake si chikwangwani. Mwini wake ndi mnzako amene umakhala naye desiki imodzi, amene adakubwereka cholembera tsiku la mayeso, amene lero wavala nambala pamsana.

Kusiyanaku si kwa mawu chabe, makamaka kwa ana a kumudzi. Wophunzira wa ku Duke adasankha yekha sukuluyo, adalimbirana malo ndi anthu zikwizikwi, ndipo dzina la sukuluyo lidzamutsegulira zitseko moyo wake wonse. Akamakuwa atadzipaka utoto wa buluu kumaso, mbali ina akudzichemerera yekha. Nanga wa sukulu yoyendera? Sukulu zimenezi zidabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma litasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala masekondale, pamene ana a pulayimale yaulere ya 1994 adali m'njira. Aliyense akudziwa m'mene kusankha kumayendera: okhoza kwambiri amapita ku sukulu zikuluzikulu zogonera konko, otsalawo ndiwo amapatsidwa yoyendera ya pafupi ndi kwawo. Mwana amalowa pa geti, ngati geti ilipo, akudziwa kuti dzina lake silidatuluke kumene ankalakalaka. Kumuuza ameneyo kuti anyadire baji n'kumupempha kuti aname. Koma kumuuza kuti mnzako akusewera, tiye tikamuone, n'kumupempha chinthu chimene angathe kupereka ndi mtima woona. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kunyadira sukulu kuja kumabwera pambuyo pake, kudzera khomo lakuseri. Ana amene adakuwira limodzi mpaka mawu kusasa, amene adabwerera limodzi wapansi atagonja, ndi amene pakatha zaka makumi awiri amasonkherana ndalama zogulira malata a kalasi.

Wina anena kuti ndikulankhula ngati munthu wa m'tauni wokhuta, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Mwana wa ku East Bank akaweruka ntchito imakhala ikumudikira. Mpunga ukamacha mbalame sizidziwa kuti lero kuli masewero. Pali mbuzi, pali dimba, pali ganyu. Ena kwawo n'kutali, ndipo mtsikana amene wachedwa ku bwalo ayenda mumdima, kunyumba akafikira kufunsidwa mafunso amene mchimwene wake safunsidwa. Wotereyu akathawa masewero sindingamuloze chala. Ngongole imene ndikunenayi ili ngati ya maliro ija: mudzi umadziwa kusiyanitsa amene sadabwere chifukwa akudwazika mayi ake ndi amene sadabwere koma adaoneka ku bawa.

Ndipo ku bawa kwa ana athu kulipo. Pitani pa malo a malonda alionse Loweruka masana, muone kanyumba ka kanema m'mene kadzazira, mbale ya setilaiti ili padenga, jenereta ikulira kuseri. Mnyamata yemwe uja adalibe nthawi Lachisanu wapeza nthawi, wapezanso ndalama ya pakhomo, ndipo akutuluka thukuta chifukwa cha Arsenal. Amati "tagula osewera", "tawina", ngati kuti ku London amamudziwa. Sindikudana nawo mpira wa ku England, ndi wokoma, ndipo munthu wotopa ali ndi ufulu woona zokoma. Koma chikondi chimenecho n'cha mbali imodzi. Bukayo Saka sadzamva kuti ku Livunzu wina adakuwa. Kubetcha kudabweranso kudzamaliza zonse, poti wobetcha sachemerera timu, amachemerera kapepala kake, ndipo wosewera akaphonya amamutukwana ngati wamubera.

Pa 25 Januwale 2022 ma Flames adakumana ndi Morocco ku Yaoundé mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, ndipo Gabadinho Mhango adaponya mpira uja kuchokera kutali n'kugwedeza ukonde, ngakhale pamapeto tidagonja 2-1. Masiku omwewo namondwe Ana adali atagwetsa mvula yoopsa, damu la Kapichira m'boma lomweli la Chikwawa lidaphwasuka, magetsi adazima m'madera ambiri, ndipo anthu a m'chigwa adali kuthawa madzi. Gaba sadasowe omuchemerera usiku umenewo, Africa yense adaimirira. Mawu a ku Makhuwira sakadaonjezerapo kanthu. Koma taonani kumene anthu othawa madzi amalowera, mu 2015, mu 2019, mu 2022, ndi nthawi ya Freddy mu 2023: ku sukulu. Makalasi amasanduka zipinda zogona, bwalo la mpira limasanduka mudzi wa matenti, osati a masewera ngati a ku Durham aja. Anthu a kumeneko njira ya ku sukulu amaidziwa bwino pa tsoka. Matenti akachoka, ana n'kuthiranso phulusa pa mizere, ndimaona kuti n'koyenera kuti njira yomweyo aikumbukirenso. Pa bwalo laling'ono ngati limenelo mawu a munthu mmodzi amamveka, ndipo wosewera amatha kutembenuka n'kudziwa kuti awo ndi amalume.

Koma tisanamizane kuti khamu lililonse ndi dalitso. Pa 6 Julaye 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe, akufuna kulowa kukaonera mpira waulere wa chikondwerero cha ufulu. Ndipo aliyense amene adaphunzirako sukulu m'dziko muno akudziwa m'mene masewero a sukulu ziwiri amathera nthawi zina: miyala, oyimbira kuthawira m'munda, mphekesera zoti alendo akwirira mankhwala pa golo, nyimbo zolaula zoimbira atsikana a timu inayo. Amene amachita zimenezi amati akukonda sukulu yawo, ndipo mwa njira ina akunena zoona, poti chikondi cha baji chimafuna mdani kuti chikhale moyo. Ngongole ya kwa munthu siyenda choncho. Ngati ndabwera chifukwa mnzanga wavutikira masewerowa ndipo ayenera kuonedwa, ndiye kuti mwana wa sukulu inayo, amene wapalasa njinga pa msewu wa fumbi kapena wakwera lole ya thonje kudzasewera, wavutikanso chimodzimodzi. Popanda iye mnzanga uja akadasewera ndi yani? Ndingafune ndi mtima wonse kuti agonje, koma ndi mlendo, ndipo kwathu kuno mlendo timampatsa madzi.

Pali muyeso wosavuta wodziwira kuti khamu labwerera chiyani. Timu ikamapambana aliyense ndi sapota, ngakhale amene sadziwa kuti osewera amakhala angati. Muwerenge anthu timu itagonja katatu kotsatizana. Aja adabwerera baji amakhala atasowa, poti baji yogonja siikweza munthu. Otsalawo ndi amene adabwerera anthu, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene osewera amawafunitsitsa.

Muyeso wina ndi atsikana. M'dziko muno mpira umene watidziwitsa kunja ndi wa manja. Ma Queens adagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018, chinthu chimene ma Flames sadachitepo kwa timu ya msinkhu wotero. Mwawi Kumwenda, amene adakasewera mpaka ku Melbourne, adayambira kumudzi ku Mzimba ndi mpira wa mapepala a pulasitiki. Ngakhale ku America, mu 2024, masewero otsiriza a basketball ya atsikana a m'makoleji, pakati pa Iowa ndi South Carolina, adaoneredwa pa kanema ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa a anyamata, zimene zidali zisadachitikepo. Koma pa sukulu zathu dongosolo likadali lomwe lija. Sukulu ziwiri zikakumana, kawirikawiri atsikana amayamba ndiwo, dzuwa lili paliwombo, anthu akadali kudya nsima, pa kabwalo ka kumbali pafupi ndi zimbudzi. Khamu limafika dzuwa litapendeka, nthawi ya anyamata, atsikana atavala kale zitenje, ndipo ntchito imene yawatsalira ndi yoimbira nyimbo azichimwene awo. Amaimba ndithu, mokweza, mpaka mpira kutha. Ngongole yawo amabweza yonse. Ya anyamata kwa iwo sindidamvepo wina akuitchula.

Ahedi a kwa Makhuwira ndi kwina konse, amene mumadandaula kuti ana alibe mtima wokonda sukulu, bwanji teremu imodzi yokha musiye buku la maina mu ofesi, anyamata muwaseweretse masana, ntchemberembaye muyiike 4 koloko pa bwalo la pakati, anyamata a timu ya mpira akhale pa mzere wa kutsogolo ndi ng'oma zawo?